Chamba cha Torpekai

Sichipitirira m'chiuno mwanga.
Cha kutsidya kwa mtsinje n'chachitali, chowonda,
chimagwedezeka ngati mnyamata wogona ndi njala,
koma ichi, chimene anandisiyira apongozi anga a Baryalai,
n'chachifupi, chojintcha, chouma mutu,
masamba ake otambalala ngati chikhatho cha mmisiri wa miyala,
obiriwira mpaka kuda.

Njere zake ndimasunga m'chitini cha tiyi,
kuseri kwa thumba la mchere.
Chipale chikasungunuka m'mapiri a Tirah,
ngalande zikayamba kulankhula,
ndimagwada n'kuboola dothi ndi chala.
Madzi ndi a chigwa chonse; nthawi yathu imagwa usiku,
Lachitatu, tambala asanaganize zolira.
Ndimapita ndi nyali, mapazi atachita dzanzi,
kutsegula ndi fosholo, kutseka ndi mwala.

Pakati pa chilimwe ndimasanduka woweruza.
Mzere ndi mzere, kuwerama, kusuzumira m'khwapa mwa nthambi.
Chachimuna chimadziulula ndi timipira tolendewera,
ndimachizula chisanayetsemule mungu.
Ziwiri zokha ndimazisiya kumapeto, pafupi ndi mtengo wa mabulosi,
kuti chitini chisadzalire mphepo chaka chamawa.
Zazikazi zimadikira amene sadzabwera,
ndipo pa kudikirako zimachita thukuta la utomoni.
Zimenezo musandifotokozere ine.
Mwamuna wanga anatsikira ku Peshawar kukagula nsapato,
ino ndi nyengo yachisanu ndi chinayi.

Usiku ukatalika, chisanu chikayamba kuluma,
ngala zimafufuma, gwa ngati nkhonya,
nsonga zake zimada ngati bala la dzana.
Fungo limakuchingamira uli panjira:
dothi lonyowa, tsabola, khola la mbuzi,
ndi kena kotsekemera komwe sindinakapezere mawu.
Ukazigwira, zala zimamatana.
Sopo amagonja, amatha ndi mafuta ophikira.

Timadula, timayanika padenga, timadikira kuzizira kwenikweni.
Ndiye ndimakunga nsalu pakamwa pa beseni,
kupuntha, kusefa, kupuntha,
fumbi lagolide n'kumagwa mwakachetechete.
Loyamba ndi la wogula wa njinga yamoto
amene sikelo yake imadwala nthawi zonse.
Lachiwiri ndi la ngongole ya ufa.
Ine sindinalawepo. Ndimangotsokomola.

Koma pang'ono ndimabisira mlamu wanga Zalmai,
amene mwendo wake unatsala m'munda wa bomba
koma umamuyabwabe usiku, pachidendene pomwe palibe.
Akakoka kawiri, mapewa amatsika,
mawu amalemera ngati bulu wosenza miyala,
maso psuu, lilime gwa, kuseka pang'ono,
kenako tulo tomwe sitimva ngakhale mfuti.
M'mawa amadzuka mochedwa, mbuzi zitalowa kale m'tirigu wa eni.
Ndimamukalipira. Madzulo ndimamupatsanso.

Chaka china kunabwera mlendo wa ndevu zofiira,
kope m'manja, nafunsa kudzera mwa mwana wanga:
mtundu umenewu dzina lake n'chiyani?
Dzina? Ndinaloza munda. Ndi chathu, basi.
Anagula njere zodzaza chipande, nalipira ngati wopenga.

Dzulo mwana wanga wandionetsa pafoni:
chipinda chopanda zenera, nyale zoyera mbee,
miphika pamzere ngati ana asukulu,
ndipo m'menemo chachifupi chija, chojintcha chija,
achipatsa dzina lachilendo ndi nambala.
Akuti kumeneko dzuwa amalizimitsa ndi chala,
akuti mphamvu yake amaiyeza ndi makina.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali.
Chanenepa, inde. Sichidziwa matalala.
Ndinabweza foni, ndinatenga nyali ndi fosholo.
Linali Lachitatu,
ndipo a kumtunda akazolowera kuti umachedwa
madzi amakubera.